Maola Naini ndi Theka

Lachitatu, 26 Novembala 2025

Martina wafika. Ndinakamchingamira ndekha pa Chimbiya. Amake amati titume wa kabaza. Wa kabaza? Mwana wanga woyamba, wochokera ku yunivesite ya ku Joni, atsike minibasi n'kulandiridwa ndi munthu wosadziwa n'komwe amene wamunyamula? Ndinavala jekete la buluu lija ndinatsanzikira nalo uhedi. Dzuwa lili ng'aa, thukuta kamukamu, koma sindinavule.

Wachepa thupi. Chikwama cha zovala tinamanga pa njinga. Cha laputopu anakana, anachifukata ngati khanda. Tinabwera wapansi, ine ndikukankha njinga. Bwino kutero. Ogulitsa mapichesi ndi kachewere m'mbali mwa msewu onse ationa. Amene anafunsa ndinawayankha mokwanira. Amene sanafunse ndinawayankhanso.

Akuti tchuthi n'cha dzina lokha, wabwera ndi ntchito. Nyenyezi ya mchira.

Chimanga chamera bwino kumunda wa kumtunda. Bondo lakumanzere likuvutabe.

Loweruka, 29 Novembala

Ndilembe mwadongosolo, ndingadzasokoneze pofotokozera anthu.

Si nyenyezi ayi, akutero Martina. Ndi chibuma cha madzi oundana, fumbi ndi miyala, chachikulu ngati phiri. Chikayandikira dzuwa chimatenthedwa n'kuyamba kufuka mpweya ndi fumbi, ndiwo mchira uja. Zotere zilipo zambiri, koma ndi za pakhomo, zimangozungulira dzuwa lathu lomweli. Ichi n'chachilendo. Chachokera kwa madzuwa ena kutali, chikungodutsa, ndipo sichidzabweranso. Dzina lake ndi zilembo ndi nambala ngati galimoto. Ine ndachitcha Mlendo.

Ndi maso sangaoneke. Pali telesikopu, chigalasi chachikulu choonera kuthambo, pa phiri lina la ku Joni. Imamjambula m'bandakucha uliwonse, zithunzi n'kutumizidwa kwa Martina. Iye amakwera pa thanthwe la kuseri kwa tchalitchi, pokhapo pamene netiweki imagwira, n'kukhala pamenepo ndi ambulera mpaka zitalowa.

Ndinayembekeza kuona chimoto. Anandionetsa kadontho kotuwa, ngati phala lodonthera pa thalauza lakuda. Ndinakhumudwa, koma sindinamuuze. Kenako anadinadina, chifunga chozungulira kadonthoko chinachoka, panatsala kamzere kotulukira mbali imodzi ngati madzi a paipi yobooka. Umenewo akuti ndi mpweya ukutumphuka pa bowo limodzi. Chibumacho chikatembenuka, kamzere kamalozanso kwina. Ukayeza kumene kakuloza tsiku ndi tsiku, udziwa maola amene Mlendo amatenga kuti atembenuke kamodzi. Ndiyo ntchito ya digiri yake yachiwiri.

Ndinamva pompo. Ndi nkhani ya ngodya basi, zomwe ndaphunzitsa Sitandade 7 moyo wanga wonse. Tsono nzeruzi akanazitola kuti?

Lachiwiri, 2 Disembala

Ndafukula kabokosi kanga ka masamu. Pulotalakita, kachoyezera ngodya kaja, ikadalimo, yangothethekako pakona. Ndinaigunditsa pa galasi la laputopu n'kuyeza kamzere ndekha. Martina anaseka mpaka misozi, akuti makina amayeza okha. Ndinati makina nawonso amafunika wowachongera. Ansala yanga ndi ya makina zinasiyana pang'ono chabe. Tsopano m'mawa uliwonse, tikamwa tiyi, amandiitana, "Ababa, dzachongereni." Sindibisa, zimandikomera.

Masana kunabwera alamu anga a Zikhalo, achimwene awo a amake Martina, eni mbumba. Anafikira pa mpando wanga wa ndalema, monga mwa nthawi zonse. Martina anagwada, moni, mafunso. Atawaonetsa kadontho kaja anakayang'ana ngati akuyang'ana nsabwe. "Mphwanga, nyenyezi zimadyedwa? Anzako a unamwino pano akumangira makolo awo nyumba."

Ndinaluma mano. Ndine mkamwini pamudzi pano. Nyumba ndinamanga ndine, malata ndinakhoma ndine, koma dothi n'la kuchikazi, ana n'a kuchikazi. Mwana akakhoza mayeso, alamu amati, "Magazi a kwathu amenewo." Akaswa mbale kapena kuyankha mwamwano, "Mwana wa a Gerevazio." Gerevazio ndiye ine. Zaka zonsezi nyimbo ndi yomweyo.

Kamodzi kokha ndinakula mwendo, nthawi imene ankafuna kuti Martina akachite unamwino iye akulirira za kuthambo. Ndinati apite kumene mtima wake uli. Alamu anatha chaka osandipatsa moni. Munda umenewu wokha ndiwo ndinalima ndekha pamudzi pano. Ubereke, Ambuye, aone.

Lachisanu, 5 Disembala

Tapeza!

Maola asanu ndi anayi ndi theka. Madontho onse a zoyeza zathu agona pa mzere umodzi wokwera ndi kutsika, mwaudongo ngati mizere ya munda wolimidwa ndi chingwe. Martina anayang'ana, kenako anagwira pakamwa. Ine ndinatuluka panja kukayang'ana kumwamba, masana dzuwa likuswa mtengo, kopanda choti ndione. Chinthu chochokera kumene sikunafike munthu, n'kudzawerengeredwa pa tebulo langa, pambali pa botolo la mchere!

Watumiza nambalayo kwa aphunzitsi ake. Koma wandichenjeza. "Ababa, musauze anthu. Sitinatsimikize. Ndikudikira zithunzi zina za telesikopu ya ku Chile." Ndinati ndamva.

Amake Martina anangoti, "Aphunzitsi, mwamva ndi makutu onse awiri?" Mayi ameneyu amandiona ngati mwana.

Lamulungu, 7 Disembala

Ndauza munthu mmodzi yekha. Munthu mmodzi si anthu. A Rafaelo, mkulu wa kwaya, ndi mnzanga wa kalekale, tinayambira limodzi uphunzitsi. Tinali pansi pa mkungudza titatuluka m'tchalitchi, iwo akudzitama ndi mwana wawo wa ku banki, mpaka khutu kuwawa. Nanga ndikanatani, ndingokhala ngati wosabereka?

Akatekisiti anali pafupi. Mwina anamva. Si ine ndinawaitana.

Lachinayi, 11 Disembala

Zakula, koma zakula bwino.

Dzulo ku mphakati, kagulu kathu ka akhristu, amayi anagwirizana kuti pakhale mwambo wothokoza Mulungu chifukwa cha Martina. Mwana wa mudzi uno sanafikepo pamenepa. Asankha Lamulungu la pa 28, tsiku la Banja Loyera, Khrisimasi itadutsa. Bambo mfumu avomera, adzabwera okha kudzachita Misa kuno. Ndinayesa kukana, pang'ono, monga mwa ulemu. Sanandimvere, ndipo ndikuthokoza kuti sanandimvere.

Ndiye a Rafaelo apeka nyimbo. Kwathu kuno chinthu sichinachitike ngati kwaya sinachiimbe. Mjigo unaimbidwa, mlatho unaimbidwa, ngakhale belu latsopano lili ndi nyimbo yake. Anandiitana ku pulakatisi madzulo ano kuti ndimve.

Mlendo wa kutali wadutsa pakhomo pathu,
Martina wamuona, wamuwerengera.
Maola naini ndi theka, Mlendo watembenuka,
Maola naini ndi theka, Chauta alemekezeke.

Ndinatsutsa za "naini". Chichewa chilipo, asanu ndi anayi. A Rafaelo anati ndiyese ndekha kuimba "asanu ndi anayi ndi theka" osabanika. Ndinayesa. Naini wapambana.

Pofika pa "watembenuka" kwaya yonse imatembenuka, amayi kumanja, abambo kumanzere, ng'oma n'kugunda kawiri. Tsitsi linandiimirira. Ndinanamizira chimfine kuti nditulutse kansalu.

Martina sakudziwa. Chikhale chomudzidzimutsa. Amake akuti, "Chimene mwabzala ndi pakamwa mudzakolola ndi pakamwa pomwepo." Nsanje basi, nyimboyo sinawatchule.

Lolemba, 15 Disembala

Wadziwa. Amatsika ku thanthwe, n'kumva amayi akupalira m'munda mwa a Dorika akuimba dzina lake, makasu akugwera pa "naini ndi theka". Analowa m'nyumba nkhope ili gwaa. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. "Ababa, ndinakupemphani chinthu chimodzi."

Ndinati madzi akatayika saoleka. Ndinatinso nambalayo ndinaichonga ndekha, ndipo chiyambire uphunzitsi sindinachongepo ansala yolakwika. Anati nkhani si kuchonga. Sindinamufunse kuti nkhani n'chiyani, ndinali nditapsa kale mtima. Mwana amene ndinamugwira dzanja polemba 1 lero azindiphunzitsa kusunga pakamwa?

Koma tamverani izi. Madzulo alamu a Zikhalo atumiza mbuzi. Mbuzi yathunthu, tonde wonenepa, ya phwando la pa 28. Anthu aja amati nyenyezi sizidyedwa! Uthenga wake akuti, "Magazi a kwathu sanama." Ndinaseka ndekha kuseri kwa khola. Nenani zimenezo, alamu, koma mudzi wonse ukudziwa amene anaima nji tsiku lija. Pa 28 mudzakhala kutsogolo, mudzamva kwaya, mudzameza malovu.

Ndaimangirira pa chikhomo pabwalo, poti mbewu zili m'munda. Ikungozungulira, kulira.

Lachisanu, 19 Disembala

Lero akuti ndi tsiku limene Mlendo wayandikira dziko lathu koposa. Kuyambira mawa azingotalikira. Kunja nkhungu yokhayokha, phiri silikuoneka, ngakhale khola silikuoneka.

Zithunzi za ku Chile zalowa. Martina anabwera ku thanthwe atanyowa, n'kudzitsekera. Sanandiitane kudzachonga. Chakudya chamasana chabwerera mmene chinapitira.

Feteleza wachiwiri sitinathirebe. Mvula yachuluka.

Lolemba, 22 Disembala

Ndilembe basi.

Nambala ija ndi yolakwika.

Anandiitana m'mawa, osati ku laputopu koma pabwalo, pa mbuzi ya alamu. Anati ndiyerekeze kuti mbuziyi imazungulira chikhomo osaima, ndipo ine ndimaisuzumira kamodzi patsiku, m'mawa mokhamokha. Lero ndaipeza kum'mawa kwa chikhomo. Mawa ndaipeza kumadzulo. Mkuja kum'mawanso. Tsono pa tsiku imazungulira kangati? Ndinati theka. Anati, kapena kamodzi ndi theka? Kapena kawiri ndi theka? Ndinawerenga ndi zala. Zonse zitatu zikuifikitsa kumadzulo komweko.

Ndi zimene zachitika. Telesikopu ya ku Joni imajambula nthawi imodzimodzi m'bandakucha uliwonse. Ngodya tinayeza bwino, iye ndi ine, palibe inalakwika. Koma ansala zokwanira pa ngodya zimenezo zinali zingapo, ndipo imene inaoneka yokongola koposa inali ya kawiri ndi theka, ndiyo maola naini ndi theka. Ku Chile kumacha mochedwa, ndiye zithunzi zawo zili ngati munthu wina wasuzumira mbuzi ija masana. Ndipo masanawo mbuzi sinali pamene nambala yathu imati ikhale. Madontho atsopano agwera kunja kwa mzere, onse. Ndinatenga pulotalakita, ndinayeza kawiri, katatu. Ali kunja.

Mwina ndi kamodzi ndi theka, akutero, maola khumi ndi asanu ndi limodzi. Mwina. Sanena mpaka atapeza zithunzi zina.

Ndimayesa kuti alira. Ayi. Maso ake amawala ngati watola kanthu. Wolira ndinali ine, chamumtima. Ndinaona kwaya ikutembenuka. Ndinaona alamu pa mpando wa kutsogolo.

Ndiye ndinanena. Ndilembe mmene ndinanenera. Ndinati, mwanawe, pamudzi pano ndani angakayeze? Mlendo ndi mame, akupita, sadzabweranso kudzakutsutsa. Ungokhala chete pa 28, anthu aimbe, adye mbuzi yawo. Zokonzazo ukakonzere ku Joni.

Anandiyang'ana m'maso. "Ku Joni ndikanene zoona, kwathu kuno ndisiye bodza? Ababa, anthu a kuno ndi otchipa?"

Ndinati ndine bambo ako, ndikukupempha. Anati, "N'chifukwa chake ndayamba kuuza inu."

Mbuzi inali ikudya mpendero wa thalauza langa, ine osamva.

Lachitatu, 24 Disembala

Ndinapita kwa a Rafaelo kuti ndiwauze achotse vesi ya nambala. Ndinawapeza akusita mayunifolomu a kwaya, akuimba chamunsi. Akuti a kwaya ya ku Mphunzi amva, apempha mawu ake. Akuti chipekere nyimbo sanapekepo yogwira anthu chonchi. Ndinakhala, ndinamwa thobwa, ndinayamikira masitidwe awo, ndinatsanzika.

Ndagwira njakata. Ndikanena ine, ndiye kuti ndavomera kuti ndinathamanga ndi pakamwa. Akanena iye, alamu apeza ndiwo za chaka chonse.

Lachinayi, 25 Disembala

Khrisimasi. Mpunga, nkhuku, ana a mlamu wanga wamkazi pabwalo ponse. Ine ndi Martina tikulankhulana za mchere ndi za mvula.

Walembera aphunzitsi ake kuti abweze nambala ija. Ndamva kwa amake, osati kwa iye. Akuti kumaliza kwake kuchedwerapo miyezi ingapo. Walemba yekha, wopanda womukakamiza.

Pa Misa sindinalandire komunyo. Amake anandiyang'ana cham'mbali.

Loweruka, 27 Disembala

Mbuzi yaphedwa. Chikhomo chatsala chokha pabwalo, ndi bwalo la udzu wodyedwa mozungulira. Amayi a mphakati adzaza kuseri, migolo ya thobwa, nkhuni, phokoso. Aliyense wodutsa, "Aphunzitsi, mawatu ndi mawa!" Ine kumwetulira ngati wodwala dzino.

Ndinauza amake kuti bondo lafika poipa, mwina mawa sindiyenda. Anati, "Ku Chimbiya munabwerako nalo wapansi mutavala jekete. Kutchalitchi ndi apa." Andisitira jekete lomwelo, alipachika pamene ndingalione.

Sindinamufunsenso Martina chimene achite. Ndikuchidziwa. Ndi mwana wa ndani kodi, woumitsa khosi chonchi?

Lamulungu, 28 Disembala

Ndiyambire pati.

Tchalitchi chodzaza, ena pawindo. Ife a banja kutsogolo. Alamu a Zikhalo ndi suti yawo ya maukwati, ndodo pakati pa miyendo. Ine pambali pawo, malaya atamatirira kumsana.

Itatha komunyo, ng'oma. Anaimba, Ambuye, anaimba! Pa "watembenuka" si kwaya yokha inatembenuka, tchalitchi chonse, ndi agogo omwe. Bambo mfumu akuomba m'manja. Nthungululu. Alamu akugwedeza mutu, ndodo ikugunda pansi motsatira ng'oma. Kanthawi kena ndinaiwala zonse, ndinatukumula chifuwa. Kenako ndinakumbuka.

Nthawi ya zolengeza akatekisiti anaitana Martina kuti anene mawu. Anapita atavala chitenje cha amake. Anathokoza bambo mfumu, atsibweni ake, amayi a mphakati. Anati nyimbo yokoma chonchi sanaiyembekeze, ndipo adzaiimba mpaka ukalamba. Kenako anati, "Koma nambala ili m'nyimbomo ndi yolakwika. Ndinalakwitsa ndine. Ndazindikira sabata yathayi."

Zii. Khanda lina linalira kumbuyo. A Rafaelo anatsala chiimire, dzanja lili m'mwamba. Ine maso pa nsapato. Ndinalakwitsa ndine, akutero. Za amene anatulutsa nambalayo m'nyumba atauzidwa kuti asatero, sanatchule.

Ndiye anayamba za mbuzi. "Mbuzi ya atsibweni, imene mudye masana ano." Anthu anaseka pang'ono, mpweya unabwerera. Anafotokoza monga anandifotokozera ine, kum'mawa, kumadzulo, kusuzumira kamodzi patsiku. Anafunsa kuti yazungulira kangati. Wina anati theka. Wina anakuwa kuti ayi, ikhoza kukhala kamodzi ndi theka. Tchalitchi chinasanduka kalasi, amuna akujambula m'manja ndi zala, amayi akutsutsana. Aliyense pano anamangirirapo mbuzi. Ine ndinaphunzitsa zaka zonse zija, kalasi yotentha chonchi sindinakhale nayo.

A Petulo a kutsidya anaimirira. "Inu, n'zosavuta! Muone chingwe mmene chakulungira pa chikhomo, muwerenge!" Anthu m'manja. Martina anamwetulira. "Zoona, agogo. Koma Mlendoyu alibe chingwe. N'chifukwa chake akupita osabwerera." Anati ansala yeniyeni akuifunabe, ndipo akaipeza adzabwera kudzainena pompano, ikakhala yolakwikanso adzabweranso.

Kenako mwini mbumba. Alamu anadzuka pang'onopang'ono, anakhosomola, anayang'ana anthu. Mawu oyamba, "Uyu ndi mwana wa a Gerevazio."

Ndinatsinzina. Ndinati bwerani nazo, ndazizolowera, koma lero ndiye pamaso pa bambo mfumu.

Anapitiriza. Ndilemba mmene ndikukumbukira. "Ine ndinabwera kudzanena kuti magazi a kwathu. Koma ndikanama m'nyumba ya Mulungu. Ku mtundu kwathu, chibadwire changa, sindinaonepo munthu ataimirira pagulu n'kunena kuti ndalakwa. Ine ndemwe sindinanenepo, funsani alongo angawa. Ife timalolera kupita nazo kumanda. Izi si za kwathu ayi. Izi watengera kwa bambo ake. Alamu, mwalera."

Anatembenuka n'kundipatsa dzanja. Pamaso pa anthu onse. Nthungululu zinang'amba denga.

Mawu amene ndawadikira kuyambira tsiku limene ndinalowa m'mudzi uno ndi kachikwama kamodzi. Ndinawalandira nditaimirira, jekete labwinobwino, anthu akundisisita pamsana. Ndinayang'ana Martina. Anandiyang'ananso, kenako anayang'ana pansi. Amake anakhosomola kamodzi.

Nyama akuti inakoma. Ine sindinailawe.

Lachiwiri, 30 Disembala

Kulikonse ndikadutsa, "Aphunzitsi, mwalera." Ku chigayo, ku mjigo. Bambo wina wa ku Kabwazi, wosamudziwa, anatsika njinga kuti andigwire dzanja. Akuti nkhani ya mbuzi yafika kwawo, anthu akukanganabe.

Ndimanyada. Ndisaname, ndimanyada mpaka chifuwa kuwawa. Mwana uja anaimirira yekha, tchalitchi chonse chitangomaliza kumuimbira, n'kugwetsa nyimbo yake yomwe ndi manja ake. Ndani wina angatero m'boma lonse la Dedza? Wanga ameneyo. Koma akati "watengera kwa bambo ake" ndimamva ngati ndavala nsapato za mwini.

A Rafaelo anandinyanyalira tsiku limodzi lokha. Akuti naini ndi theka sangachoke, walowa kale m'makasu, amayi sangapalire popanda iye. Koma awonjezera vesi, ya Mlendo wopanda chingwe, ndi ya mwana amene anati ndidzabweranso. Akuti imeneyi ndiye yokoma kuposa yoyamba.

Tathira feteleza.

Loweruka, 3 Januwale 2026

Wapita. Ndinamperekeza pa Chimbiya, wopanda jekete. Njira yonse ndimakonza mawu m'kamwa. Tinafika, minibasi ili kale pamenepo, kondakitala akukoka chikwama. Ndinangoti, mwanawe, tsiku lija pa mbuzi. Anandigwira dzanja. "Ababa, pulotalakita ija ndatenga. Zithunzi zatsopano zikabwera ndidzakutumizirani pa foni ya amayi, mudzachonge ndi maso." Basi. Chitseko chinatsekedwa.

Ndabwerera ndekha ndikukankha njinga yopanda katundu. Mlendo akuti tsopano akuzilala tsiku ndi tsiku, posachedwa ngakhale telesikopu idzamutaya. Akutembenukabe uko, pa maola ake amene akuwadziwa yekha. Chikhomo chija sindinazule.

Odi panja. Mawu a alamu. Chikhalire changa pamudzi pano sanabwerepo pakhomo panga opanda mlandu, uthenga wa maliro kapena za mbumba yawo. Akuti angobwera kudzacheza ndi alamu awo, anyamula phava la nthochi. Aima pabwalo, akudikira kuti ndiwapatse mpando, iwo amene amangofikira pa ndalema.

Amake Martina ali pakhomo la kuchipinda, akundiyang'ana.

Ndiwauza alamu chimene ndinamupempha mwanayo pa mbuzi paja. Akachotsa dzanja lawo lija, achotse. Anati watengera kwa ine, tsono ndiyese kutengera kwa iye. Ndiwauza lero lomwe. Ndiyambe ndatulutsa mpando, kenako...